Udikire Bambo Ako Amalize Okha

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe uli ku saluni kolukitsa tsitsi, ndipo ndikudziwa kuti atsikana a kumenekuja, ndi nkhani zawo zija, sakumasula dzuwa lisanapendeke. Bambo ako agona pampando wawo pakhonde. Makina osokera ndawafunditsa nsalu, madiresi a anthu adikire. Ndasankha pepala chifukwa masiku ano ine ndi iwe tikangoyamba nkhani ya bambo ako sitifika nayo patali: iwe misozi, ine kukalipa, kenako mmodzi watuluka panja ngati waitanidwa. Papepala sundidula mawu. Kalatayi ndiyika pamwamba pa chikwama chako. Uwerenge lero lomwe, usati ukawerengera m'ndege, chifukwa m'ndege idzakhala ilibenso ntchito.

Mawa ukunyamuka kupita ku Mangalande kukasamalira nkhalamba za eni ake. Sindikukuletsa. Ndinaona mmene unavutikira, pepala la unamwino lili m'manja koma ntchito osaoneka, kuzungulira maofesi mpaka nsapato kudyeka mbali imodzi. Upite. Chimene ndikukana ndi kapitidwe kamene munapangana ndi amalume ako: kuti bambo ako tiwauze kuti ukupita ku Mzuzu kukachita kosi ya milungu yochepa, kuti galimoto ifike iwo atamwa kale mankhwala a m'mawa aja amene amawagoneka, iime kuseri kwa mpanda wa a Nachisale, iwe utulukire khomo la kukhitchini. Amalume ako anati, "Achemwali, alamuwa akamva zoona bipi ikwera, sitiroko iwabwereranso. Tiwasunge." Ine ndinavomera, chifukwa ndinali wotopa komanso ndinkaopa. Lero ndikubweza mawu anga. Khomo la kukhitchini sutulukirako, ndipo ndikufuna umve chifukwa chake mpaka kumapeto.

Iwe bambo ako unawadziwa ngati bambo. Ine ndinawadziwanso ngati mphunzitsi, chifukwa zaka zonse zija makina anga anali pakhonde pomwepa, pamene iwo akaweruka kusukulu ankaphunzitsira Chingelezi anthu obwereza mayeso a Fomu 4. Ankabwera a dera lathu lino la 25, ena ochokera ku Mgona, ena anthu a ndevu zawo ogwira ntchito m'mafakitale a ku Kanengo, akadali m'maovolosi. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 8 kwathu ku Ntchisi, Chingelezi changa ndi cha moni ndi kuthokoza basi. Koma phunziro limodzi ndinalimva chaka ndi chaka mpaka linandilowa ngati nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndinalibe kothawira chifukwa linkachitikira pachingwe changa choyanikira zovala.

Ukukumbukira? Ankadula makatoni a sopo, n'kulemba liwu limodzi pa kachidutswa kalikonse, n'kupana pachingwe ndi mapegi anga. Ine n'kuti, "Aphunzitsi, nanga zovala zangazi ndiyanika pamutu panu?" Iwo osanditembenukira n'komwe. Pachingwe pankalendewera chiganizo chakuti "The minibus that I boarded broke down," ndiko kuti minibasi imene ndinakwera inawonongeka, nkhani imene aliyense wa kuno amaidziwa bwino kuposa Chingelezicho. Kenako ankatambasula dzanja n'kuchotsa kakatoni kolembedwa "that", kamene ife timati "imene" kapena "amene", n'kukaika m'thumba la jekete. "Chiganizo chagwa?" Onse pamodzi: "Sichinagwe, aphunzitsi!" Ankati kamawuko kakatsatidwa ndi munthu, kaya "I", kaya "you", kaya dzina la wina, ukhoza kukachotsa, chiganizo chiyendabe. Ndiye ankapachika china: "The minibus that goes to Kanengo is full," minibasi imene imapita ku Kanengo yadzadza. Apa akachotsa kakatoni kaja ankangoima, diso lili pa anthuwo, mpaka wina anene chamantha kuti chagwa. "Chagwadi. Apa katsatidwa ndi mneni, ndiye kuti n'kamene kakuyendetsa minibasiyi. Mukakatsitsa, galimoto yatsala yopanda dalaivala."

Tsiku lina bambo wina wa ku Kanengo, a Jumbe, wamkulu kuposa bambo ako, anakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati pena kamachotsedwa, bwanji osamangokachotsa paliponse pamene patheka? Tisunge inki." Anthu anaseka. Bambo ako sanaseke. Anagwira tayi yawo n'kuti, "A Jumbe, tayi iyi imandifunditsa? Iyayi. Ndikamapita kogula makala ndimaisiya pakhoma. Koma ndikamapita kokapepesa maliro, kapena kokaonekera kwa akuluakulu, ndimavala. Mukamacheza ndi mnzanu pasiteji, kachotseni. Nkhani ikakhala yolemera, kabwezereni pamalo pake, munthuyo adziwe kuti mwamulemekeza." Mawu amenewa uwasunge, ndibwereranso kwa iwo.

Ine ndi makatoni amenewa tinalimbanapo. Chaka china mvula itagwa sabata yathunthu, makala atanyowa, ndinasowa choyatsira mbaula. Ndinapisa dzanja m'jumbo limene ankasungiramo makatoniwo, ndinasankha tija ta "that", pakuti tinalipo tambiri, n'kukolezera moto. Madzulo anthu atakhala kale pansi, bambo ako akufufuza m'jumbo, thukuta kamukamu. Ndinati, "Si inu mumati kamachotsedwa? Ndakuthandizani." Anandiyang'ana, n'kuuza ophunzira awo kuti, "Mwaona? Uyu ndi munthu amene anamva theka la phunziro." Anthu anaseka mpaka a Jumbe anatsokomola. Ndikukuuza zimenezi kuti usamaiwale kuti munthu wagona pampandoyu anali wanthabwala, ndipo nthabwalazo zikadali m'kati mwake, zangosowa potulukira.

Tsiku limene anagwa iwe unali kuchipatala kuja unkangothandiza modzipereka. Anali pachingwe pomwepo, dzanja lili m'mwamba. Pegi inagwa, kenako iwo. Titabwera nawo kunyumba dzanja lamanja linali litafa, mwendo ukukokedwa, pakamwa patapotoka. Zimenezo unaziona. Koma iwe unkachoka m'mamawa n'kubwera kutada, ndiye sunaone bwino zimene anthu anachita nawo. Chichewa chinawathawiratu, chimene chinatsala ndi zidutswa za Chingelezi cha m'kalasi, zija anazinena kambirimbiri. Wa mafizo uja, wowaongola ziwalo kuchipatala, anati zimachitika, si zachilendo. Akafuna madzi pakamwa pamatuluka "The book," n'kuthera pomwepo. Amayi a kutchalitchi atabwera kudzapemphera anamva zimenezo, anayang'anana, mmodzi n'kunong'oneza mnzake potuluka kuti, "Sukulu yawazunguza mutu aphunzitsi." Kuyambira pamenepo aliyense amalankhula za iwo, iwo ali pomwepo, ngati akulankhula za kabati. "Adya?" "Agona bwanji lero?" Kufunsa ine, mwini wake ali apo akuwayang'ana.

Ine ndiye ndinaposa onse, ndipo ndinkayesa kuti ndi chikondi. Akangoyamba "The, the," ine ndathamanga kale: "Tiyi? Mukufuna tiyi?" M'mawa wina ndinawakakamiza tiyi, iwo akupukusa mutu, ine n'kumati ndi matendawa. Ankafuna kuchimbudzi. Pamene ndinkazindikira n'kuti zitachitika kale, pampando pomwepo, pamaso pa a Jumbe amene anabwera kudzawazonda. Munthu amene sankatuluka m'nyumba kolala isanawongoledwe. Sanalire. Anatseka maso, ndipo kwa masiku angapo sanayesenso kutulutsa liwu. Ndinamva chisoni chimene sindinamvepo, ngakhale pamaliro a mayi anga. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kukhala pansi, kupinda manja, n'kudikira. Mawu awo amabwera, Tiyamike, koma amabwera ngati munthu wosenza thumba la simenti pachitunda. Ukawathamangira kuti uwalandire, amabwerera, ndipo tsiku limenelo suwamvanso.

Kumene ukupitako ukapeza nkhalamba zambiri zonga iwo, ndipo ndamva kuti ntchito yake ndi yothamanga, ukamasambitsa uyu belu la wina likulira. Ngakhale zili choncho, usakamalizire munthu mawu. Usakachezere ndi mnzako wantchito pamwamba pa mutu wa munthu amene mukumuveka. Ukakapezana ndi a kwathu kuno, musakayerekeze kumamunena wodwalayo m'Chichewa poti samva. Chinenerocho sangachimve, koma zoti akunenedwa amva. Ukafuna kumutembenuza, umuuze kaye. Ukafuna kudziwa ngati wadya, ufunse iyeyo, ngakhale yankho litenge nthawi imene ulibe. Ndikubwerezanso: usakamalizire munthu mawu. Udzatopa, udzanyansidwa, masiku ena udzalakalaka kumuponyera supuni. Ukatero utuluke panja, upume, ubwerere.

Tsopano za a Nachisale, amene munasankha mpanda wawo kuti ubise galimoto. Iwe unali wamng'ono pamene mwana wawo Fanuwelo ankapita ku Joni. Abale anapangana kuti mayiwo asauzidwe, poti amadwala shuga. Anawauza kuti mnyamatayo wapita ku Dedza kukapikula mbatata ya kachewere. Iwo anamusungira ndiwo tsiku limenelo, ndi lotsatira lake. Zoona anadzazimva pasiteji, kwa kondakitala amene ankayesa kuti akudziwa kale. Fanuwelo anakhalako zaka, ankaimba foni mwa apo ndi apo, kenako anabwera m'bokosi. Pamaliropo ndinakhala nawo m'nyumba. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amake Tiyamike, imfayi ndi ya Mulungu, sindikangana nayo. Koma amene anandibera kutsanzikana ndi mwana wanga ndi anthu, ndipo ndimadya nawo mbale imodzi." Shuga sanawaphe, alipo mpaka lero. Koma achimwene awo amene anakonza bodzalo sanalowenso pakhomo pawo.

Umve tsono zimene iwe ndi amalume ako simukuzidziwa. Bambo ako akudziwa zonse.

Miyezi ija unkakonzekera mayeso a Chingelezi a anthu opita kunja, unkadzitsekera kuchipinda n'kumalankhula wekha mokweza. Unaiwala kuti khoma la chipinda chako ndi la khonde ndi limodzi, ndipo galasi la windo lija linasweka kalekale. Ukamva kugogoda unkafuula kuti, "Amama, adadi akufuna chinachake!" Sankafuna kanthu. Ankamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere pamene walakwitsa. Ine ndinazindikira tsiku lina utanena chiganizo chokhudza namwino wogwira ntchito usiku, utasiya kamawu kaja pamalo pamene iwo amati galimoto yatsala yopanda dalaivala. Gu! Mwamwayi unabwereza utakaikamo, iwo n'kutsamira bwinobwino, mbali yamoyo ya pakamwa ikumwetulira. Kuyambira pamenepo ndinkamvetsera: iwe kulakwa, iwo gu, iwe kukonza, iwo phee. Anakuphunzitsa kudzera pakhoma iwe osadziwa. Ndiye uganize wekha. Munthu amene akumva kuti kamawu kamodzi kasowa, angalephere kumva viza, ndege, ndi dzina la mzinda umene unkautchula tsiku ndi tsiku?

Chijasi chija unagula pa kaunjika ku Chilinde, chaubweya m'khosi, unachichapa n'kuchiyanika pachingwe chomwe chija, mwezi uno wa Okutobala, kunja kukutentha moti ndi agalu omwe sakuuwa. Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndi bodza langa ndinati, "N'cha ku Mzuzu, akuti kumazizira." Anatembenuka n'kundiyang'ana mmene ankayang'anira mwana wokopera mayeso. Ku Mzuzu anaphunzitsako asanandikwatire, kuzizira kwake amakudziwa. Ndinachita manyazi mpaka ndinalowa m'nyumba kukasesa posesa kale.

M'mawa mwake iwe utatuluka anandikodola. Analoza chingwe, kenako analoza pamwamba pa kabati, pamene ndinaika jumbo la makatoni lija chigwereni. Ndinalitsitsa, fumbi lokhalokha, mphemvu zikuthawa. Ndinakhuthulira makatoniwo pathebulo patsogolo pawo. Anayamba kusankha ndi dzanja lamanzere, kamodzikamodzi, kutenga, kuyang'ana, kukankhira pambali. Kulemba sangathe, ndiye amayenera kupeza zimene akufuna kunena m'mawu amene analemba kale akadali bwino. Mawu ena amene ankawafuna munalibe, ndinaona akuusa moyo n'kuyambiranso. Dzuwa linafika pamutu asanamalize. Atamaliza ndinapachika pachingwe mmene ankalozera. Ndi mawu ochepa, osavuta, moti ngakhale ine wa Sitandade 8 ndinawamva. Ndinathawira kubafa kukalira kuti asandione.

Chichokereni tsiku limenelo, iwe ukangotuluka ine ndimapachika makatoniwo, iwo n'kuyamba kuyeserera kuwatchula. Ndikamva mapazi ako pageti ndimawanula msangamsanga n'kuyanikapo chitenje. Iwe ukuwabisira ulendo, iwo akukubisira chiganizo, ine pakati ndikusunga zinsinsi za anthu awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri. Mawuwo sindikuuza. Ndi awo, ndipo ndinaleka kumalizira anthu mawu.

Chimene ndikuuze n'chakuti pakati pake pali kamawu kaja, "that", ndipo n'kamene kakuwazunza. Lilime limayenera kufika pa mano, koma lawolo silimvera. Amalimbana nako mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, malovu kutsikira pamalaya. Dzana ndinalephera kupirira. Ndinayang'ana pachingwe, ndinaona kuti katsatidwa ndi "I". Ndinati, "Aphunzitsi, malamulowa ndi anu omwe. Apa pakubwera munthu, kakhoza kuchoka. Chiganizo sichigwa." Ndinakachotsa. Anamenya mpando mpaka ndinaopa kuti dzanja lotsalalo lithyoka. Kenako anakweza dzanjalo pang'onopang'ono n'kugwira pakhosi pawo, pamene pamakhala tayi. Ndinakumbukira a Jumbe ndi inki yawo. Ndinakabwezera pamalo pake.

Lero m'mawa analoza wodilopu. Ndinatulutsa malaya, anakana. Ndinatulutsa juzi, anakana. Amafuna jekete labulauni lija ankavala tsiku lotsekera sukulu, ndi tayi yamizeremizere. Magetsi kulibe chiyambire dzulo, ndiye ndinakabwereka simbi yamakala kwa a Nachisale. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi akupita kuti?" Ndinati sakupita kulikonse, akutsanzikana ndi mwana. Anangoti, "Mwachita bwino," n'kundipatsa ndi makala omwe. Jeketelo ndalisita, lili pahang'ala kuseri kwa chitseko, ndipo likuwakulira tsopano, mapewa akugwa. Mankhwala ogonetsa aja lero anawakana, anatseka pakamwa mpaka ndinawasiya. Ndikuganiza kuti amayesa ngati angathe kukhala maso mawa. Iwe namwino usandikalipire, ndidzawapatsa galimoto ikanyamuka.

Amalume ako sakunama kuti zikhoza kuwapweteka. Inenso ndikuopa. Koma tisanamizane, mwana wanga. Iwe waona miyendo mmene ikutupira, wamva mmene akupumira akagona. Zimene anandiuza adokotala ulendo watha, iwe unazidziwa iwo asananene, ndinakuona ukuyang'ana pansi. Ine sindikhulupirira kuti ukadzabwera ku tchuthi choyamba udzawapeza. Foni ikadzalira kumeneko, mwina abwana ako sadzakumasula, mwina ndege idzachedwa, ndipo maliro a kuno sadikira munthu nthawi yaitali. Udzaonera pafoni, wina atakugwirira pamwamba pa mitu ya anthu, monga achitira ana a anzathu ambiri muno mu 25. Zimenezi ndi zoona. Ndiye mawa ndi tsiku lokhalo limene muli nalo awirinu. Ngati bipi ikwera, ikwere atavala tayi yawo, atanena zimene akhala akuzivutikira. Kuwagoneka ndi mankhwala kuti adzuke n'kupeza chipinda chako chili pululu, chimenecho n'chimene chingawaphe, ndipo angafe akudziwa kuti tinawayesa kabati.

Zina zotsalazi ndinene mwachidule, chifukwa ayamba kutakataka pampando, adzuka posachedwa.

Ukamaimba foni, usamangolankhula ndi ine n'kumaliza ndi kuti, "Muwapatse moni adadi." Uziti ndiwapatse foniyo. Kukakhala zii usamadule poganiza kuti netiweki yathawa, ndi iwo akusaka liwu. Uziwauza zinthu zenizeni: kuti basi inakusiya, kuti nkhalamba ina inakutukwana, kuti dzuwa likulowa anthu asanaweruke. Amamva zonse, ndipo nkhani za kunja kwa khonde lino amazilakalaka kuposa chakudya.

Chingelezi chako ena akachiseka kuti n'cha m'mabuku, ena akanamizira kuti sakukumva. Usakachite nacho manyazi, unachitenga kwa munthu amene anachigwirira ntchito moyo wake wonse pachingwe cha zovala. Ukamacheza ndi anzako uzidula mmene amadulira iwo, palibe mlandu. Koma lidzafika tsiku limene udzaime pamaso pa mwana wa munthu kumuuza kuti mayi ake atisiya. Tsiku limenelo usadzathamange, usadzadule. Udzanene mawu onse, aliwonse pamalo pake, uli chilili, maso ako ali pa iye.

Ndipo zikakakuvuta kumeneko, usakatichite zimene ife tinafuna kuwachita bambo ako. Usakatiuze za ku Mzuzu. Ukadwala, unene. Ukasungulumwa, unene. Mwamuna akakuzunza, kapena ntchito ikakhala yosiyana ndi imene anakulonjeza, unene tsiku lomwelo. Ine ndine wamkulu, ndasambitsa mwamuna wanga ngati khanda, palibe nkhani imene ingandigwetse. Chimene chingandigwetse ndi kudzamva kwa kondakitala.

Amalume ako ndawaimbira kale. Anang'ung'udza, n'kuti, "Achemwali, zikavuta ndi zanu zimenezo." Ndati ndi zangadi, mwamunayo ndi wanga. Galimoto idzaima kutsogolo, pageti, pamene aliyense akuona. Chikwama chidzatulukira khomo la pabalaza, chidzadutsa pafupi ndi mpando wawo.

Iwe udzatuluke pambuyo pake. Udzawapeza pakhonde atavala jekete. Udzagwade mbali ya kumanzere, kumene kuli dzanja lamoyo. Udzawauze wekha, m'Chichewa, ndi pakamwa pako, kumene ukupita ndi ntchito imene ukukagwira, ngakhale akudziwa kale. Akuyenera kumva kwa iwe. Ukatha udzakhale chete. Pachingwe padzakhala popanda kanthu, akana kuti ndipachike makatoni, akufuna kunena pamtima.

Mawu oyamba adzatuluka bwino, awazolowera. Akadzafika pa kamawu kaja adzaima. Nkhope idzachita ngati akutsamwa, malovu adzatsikira pa tayi. Iwe udzadziwa kale liwu limene likubwera, lidzakhala pamilomo pako, ndipo zonse zimene unaphunzira ku unamwino zidzakuuza kuti uwathandize. Usadzawathandize. Usadzawapukute. Amalume ako akadzaliza hutala, ine ndidzapita kukawakhazika chete. Ndege ikafuna kukusiya ikusiye, tidzaona zochita. Mwina zidzatenga nthawi yaitali kuposa imene munthu angapirire atagwada pasimenti. Dzulo anakatchula kawiri, lero m'mawa kamodzi kokha, kachiwiri kanawakanika ndipo analira. Sindikudziwa kuti mawa zidzatha bwanji.

Koma kuseri kwa kamawuko kuli mawu awiri otsala, ndipo ndi ako. Udikire, Tiyamike. Bambo ako amalize okha.

Ndine mayi ako, amene ndidzatsale nawo pakhonde galimoto ikadzakhota.